Manja othowa odwala nawonso azibwerera kusukulu

M'chigawo cha New York, m'dziko la America, munthu amene amalandira ndalama pothowa ndi kutikita anthu m'thupi sagwira ntchitoyo popanda chilolezo cha boma. Chilolezocho amayenera kuchikonzetsanso zaka zitatu zilizonse, ndipo kuti zimenezi zitheke ayenera kuonetsa umboni wakuti m'zaka zitatuzo wakhala pansi n'kuphunzira kwa maola 36. M'chigawo cha Florida ndi maola 24 pa zaka ziwiri zilizonse, ku Texas maola 12 pa zaka ziwiri. Ngakhale ku South Africa, kumene ana athu ambiri adapita kukasaka maganyu, anthu othowa ngati chithandizo cha matenda amalembetsa ku bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo, lotchedwa Allied Health Professions Council, ndipo nalonso limafuna kuti azipitiriza kuphunzira.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, amayi anzanga, mwaseka kale. Kuthowa nakonso n'kofuna sukulu? Ambiri a ife tidathowedwa ndi amayi athu kapena apongozi titachira mwana woyamba, madzi otentha ali m'beseni, kansalu kali m'manja, ife tikubuula koma tikuthokoza. Agogo athu ankawongola khosi la munthu amene wagonera, pamene iwowo ngakhale dzina lawo sankatha kulemba. Ndiye tikamva kuti kwina amafuna pepala pa chinthu chotere, timangoti ndi anthu osowa chochita, kapena boma lawo lapeza podyera ndalama za anthu.

Ine sindikuseka nawo. Ndine namwino ndiponso mzamba, ndimaphunzitsa anamwino pa koleji ya Mpingo, ndipo lamulo lofanana ndi limeneli limandimanga inenso. Maganizo anga ndi akuti lamuloli ndi lanzeru, ndipo ife a m'mabungwe a amayi, amene timagwira matupi a odwala sabata ndi sabata m'miphakati yathu, tiyenera kulitengera mwa njira yathu, osadikira kuti boma litikakamize. Chifukwa chake n'chakuti nzeru zosamalira thupi la munthu zimafumbwa ngati chimanga cha m'thumba. Kunja thumba limaoneka lodzaza bwinobwino, mwini wake ali ndi mtima m'malo, koma tsiku lokapita kuchigayo ndi pamene amadziwa kuti anankafumbwe adamaliza kalekale.

Tiyambe ndi chinthu chimene pafupifupi mayi aliyense amene adasamalirapo wodwala wogonera amachidziwa. Munthu akagona nthawi yaitali osatembenuka, khungu la pamalo amene fupa lili pafupi, monga kumunsi kwa msana, m'chiuno, pazidendene ndi pamapewa, limayamba kuwonongeka. Mabuku a unamwino akale ankaphunzitsa kuti malo amenewa azitikitidwa mwamphamvu ndi sopo kapena sipiliti, kenaka n'kuwaza paudala, poganiza kuti magazi aziyenda bwino. Mibadwo ya anamwino idakula ndi chiphunzitso chimenechi, ndipo idachipereka kwa odikirira odwala m'zipatala, iwonso n'kupita nacho kumudzi. Koma kafukufuku adadzaonetsa kuti khungu likayamba kale kuvulala, timitsempha ta pansi pake timakhala tofooka, ndipo kutikita kumangowonjezera kung'ambika kwa mkati. Mu 2014 bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zipatala za ku England, lidanena mosabisa kuti khungu la wodwala lisatikitidwe ngati njira yopewera zilonda zimenezi. Chothandiza ndi kumutembenuza pafupipafupi, makamaka ngati wagona pamphasa kapena pamatiresi opyapyala, kumusunga wouma, kuika pilo pansi pa miyendo kuti zidendene zilendewere, ndi kumudyetsa bwino. Mafuta odzola mutha kumudzoza, koma mopepuka, ngati mukudzoza khanda.

Pali kanthu kena pamenepa kamene kamandipweteka mtima. Mabuku ambiri amati chizindikiro choyamba ndi kufiira kwa khungu. Mabukuwo adalembedwa poyang'ana khungu loyera. Pa khungu lathu lakudali kufiirako nthawi zambiri sikuoneka. Malowo amangoda kuposa pena ponse, kapena amanyezimira, amatentha, kapena amalimba ukawagwira. Amene akudikira kuona kufiira amadzidzimuka chilonda chitatseguka kale. Ndipo chilonda cha pamsana wa munthu wokalamba wogonera chitha kulowa mpaka pafupa, n'kumutenga ndi matenda a m'magazi pamene nthenda imene idamugoneka ikadamusiya ndi moyo zaka zina. Tsono taganizani mayi wachifundo, wopemphera, amene Lachitatu lililonse amapita kukasambitsa agogo a mumphakati mwake n'kuwatikita pamsana ndi mphamvu zake zonse monga adaphunzirira zaka makumi awiri zapitazo. Palibe angamunene kuti alibe chikondi. Chimene chamutsalira m'mbuyo ndi phunziro la theka la ola.

Kuchipinda chochirira nakonso zinthu zasintha ife tikuona. Kale mzamba ankaphunzitsidwa kutikita chiberekero cha mayi aliyense akangochira, mobwerezabwereza, pofuna kupewa kutaya magazi. Mu 2012 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati ngati mayi wabayidwa kale jakisoni wa oxytocin, kutikita kosalekeza kumeneku si kofunikira; chofunika ndi kumagwira pamimba kuona ngati chiberekero chalimba. Koma mayi akayamba kutaya magazi ambiri, kutikita chiberekero kumakhala m'gulu la zinthu zoyambirira kuchita. Mu 2023 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa E-MOTIVE, amene adachitika m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, pa amayi oposa 200,000. Adapeza kuti magazi akamayezedwa ndi pulasitiki yokhala ndi mizere m'malo mongoyerekeza ndi maso, ndipo chithandizo chonse, kuphatikizapo kutikita chiberekero, mankhwala ndi diripi, chikaperekedwa nthawi imodzi osati chimodzichimodzi, kutaya magazi koopsa ndi zotsatira zake kumatsika ndi pafupifupi 60 pa 100 aliwonse. Manja omwewo, mimba yomweyo, koma nthawi yake ndi chifukwa chake zasintha kawiri m'zaka zochepa. Mzamba amene adatseka mabuku tsiku lolandira satifiketi sangazidziwe zimenezi.

Ngakhale bere lotupa la mayi woyamwitsa, limene tonse tidazolowera kulifinya ndi kulikanda mpaka mwini wake atagwetsa misozi, madokotala a za kuyamwitsa tsopano akulangiza kuti lisakandidwe mwamphamvu, chifukwa kutero kumawonjezera kutupa. Mwana apitirize kuyamwa, bere lisisitidwe mopepuka, ndipo mayi akatentha thupi apite kuchipatala.

Musandimve ngati ndikuti kuthowa n'koipa. Ayi. WHO yomweyo mu 2018 idavomereza kuti kutikita msana ndi kuika kansalu kofunda kumachepetsa ululu wa mayi amene matenda ake ayamba, ndipo mu 2022 idati khanda lobadwa pa nthawi yake, lathanzi, litha kumasisitidwa thupi lonse mofatsa. Wodwala khansa amene mankhwala alephera, ukamusisita mapazi amagona tulo. Agogo amene ana awo onse ali kutauni, mwina manja anu ndi okhawo amene amawakhudza mwezi wonse. Msamariya uja wa mu Uthenga Wabwino wa Luka sadangoima patali n'kupemphera, adagwira mabala a munthu. Ntchito ya manja ndi yamphamvu, ndipo n'chifukwa chake ndikuti isamaliridwe. Chinthu chopanda mphamvu palibe amachiikira lamulo.

Mbali ina ya maphunziro obwerezawa si kuphunzira zatsopano, koma kukumbutsana pamene manja sayenera kufika. Apa ndiye pali imfa. Mayi amene wangochira kumene, makamaka m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira, ndiponso makamaka ngati adachira kudzera pa opaleshoni, magazi ake amaundana msanga. Mwendo umodzi ukatupa, katumba akuwawa, pali potentha, mkati mwa mtsempha mutha kukhala magazi oundana. Anthu a m'nyumba akaona zimenezi amathamangira kuteleka madzi. Koma kuthowa mwendo wotere kutha kusuntha magazi oundanawo, n'kuyenda mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Mayi amene m'mawa amayamwitsa bwinobwino, masana akubanika, akugwira pachifuwa, madzulo anthu akulira maliro. Kumudzi tidzati waponderezedwa ndi afiti, kapena bambo wa mwanayo sadadzisunge. Mwendo umodzi wotupa ndi kuwawa sathowa, amapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Odwala sitiroko achuluka m'maparishi mwathu, ndipo ndi amene akudyeredwa kwambiri ndalama ndi anthu oyenda m'makomo akuti amadziwa kuwongola mitsempha. Mkono umene wafa ziwalo sukhala ndi minofu yogwira phewa m'malo mwake. Ukaukoka, kaya pomudzutsa wodwalayo kaya poti tiuwongole, fupa limatsika pamalo pake, ndipo ululu wake umatha kukhala miyezi, mpaka wodwalayo kukana masewero olimbitsa thupi amene akadamuthandiza kuyendanso. Mbali yakufayo nthawi zina siimva kutentha. Chimodzimodzi mapazi a munthu amene wadwala shuga nthawi yaitali. Madzi amene inu mukuona ngati ndi ofunda bwino pakansalu atha kumuwotcha iye osadandaula n'komwe, ndipo bala la paphazi la munthu wa shuga ndi limene limathera kodula mwendo. Mimba ya mayi woyembekezera siikandidwa pofuna kutembenuza mwana kapena kufulumizitsa matenda. Nsengwa itha kumatuka nthawi isanakwane, chiberekero chitha kuphulika, makamaka chimene chili ndi chipsera cha opaleshoni. Mwana amene wagwa mumtengo wa mango, chigongono chatupa, asakokedwe ndi kuthowedwa poganiza kuti wangobinya. Pafupi ndi fupa limenelo pamadutsa mtsempha wa magazi wopita kudzanja. Msana umene wakhala ukuwawa miyezi, mwini wake akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, utha kukhala TB ya m'mafupa, ndipo kuuponda ndi mapazi monga ena amachitira kutha kumulumalitsa munthu miyendo yonse.

Zonsezi munthu atha kuzimva kamodzi n'kuzidziwa. Koma pakapita zaka zisanu osakumana nazo, zimazimiririka m'mutu, kumatsala chizolowezi cha manja. Chizolowezi sichifunsa mafunso.

Kuno kwathu anamwino ndi azamba timalembetsa ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo chiphaso chathu chogwirira ntchito timachikonzetsanso chaka ndi chaka. Kuti zitheke, timayenera kuonetsa kuti taphunzira zina m'chakacho, zimene timazitcha mapointi a CPD. Madokotala, makiliniko ofesala ndi a mafizo, amene ndiwo akatswiri enieni a ntchito yowongola ziwalo, amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Choncho mukaona namwino wa pachipatala chanu cha mishoni atasowa masana ena, ali m'kachipinda ndi anzake akuyeserera kutsitsimutsa chidole, musamati akuthawa ntchito.

Sindinama kuti dongosololi lilibe zilema. Kulikonse kumene kuli mapointi, kumakhala anthu osaka mapointi m'malo mosaka nzeru. Alipo amene amalowa m'maphunziro nthawi ya chakudya chamasana ikuyandikira, n'kusainitsa, n'kutuluka. Alipo amene funso lawo loyamba akamva za maphunziro ndi lakuti alawansi ndi zingati. Ku America nakonso ena amadandaula kuti maola aja amangogulidwa pa intaneti, munthu akudina kompyuta maso ali pa TV. Ndipo pali kusalungama kwina: namwino wa kuchipatala chakumudzi, amene ali yekha usana ndi usiku, ndi amene amavutika kwambiri kupeza mpata wophunzira, pamene iyeyo ndi amene amakumana ndi zoopsa popanda womufunsa. Koma zilema zimenezi zikutiuza kuti maphunzirowo akonzedwe bwino, afike kumene kuli anthu, ndipo azikhala ogwira ndi manja. Sizikutiuza kuti tiwasiye. Ku Florida, mwa maola 24 aja, maola 12 ndi okhudza luso la manja lenilenilo, awiri ndi a kupewa zolakwika pothandiza munthu, awiri a malamulo, awiri a khalidwe loyenera pantchito, ndipo ola limodzi ndi la kuzindikira mchitidwe wogulitsa anthu. Amene adagawa maolawa adadziwa kumene ngozi zimachokera.

Za khalidwe ndi za kugulitsa anthuzo zisatidutse. Kuthowa ndi ntchito imene munthu amavula, n'kugona, chitseko chili chotseka. Amene akuthowayo ali ndi mphamvu pa iye, ndipo nthawi zina zimatembenuka, wothowayo ndi amene amakhala pangozi. M'mizinda yathu zikwangwani za masaji zachuluka. Ena mwa malo amenewa ndi aulemu, koma tonse tidamvapo za atsikana olonjezedwa ntchito ya masaji, kuno kapena kunja kwa dziko, amene adakapeza kuti ntchitoyo ndi ina. Mwana wanu akakuuzani kuti wapeza sukulu kapena ntchito yotere, musangokondwa kuti wachoka pakhomo. Funsani kuti sukuluyo idalembetsedwa kuti, amaphunzitsa za thupi la munthu kwa miyezi ingati, ndani akuphunzitsa, ndipo pepala lakelo limadziwika ndi ndani. Ku New York munthu amaphunzira maola 1,000 asanalandire chilolezo choyamba, ku Texas maola 500. Maphunziro a masabata awiri sangamupange mwana wanu kukhala wothandiza odwala, ngakhale satifiketi yake itakhala ndi maluwa m'mbali.

Pali funso limene ndikudziwa kuti likubwera, ndipo ndi funso labwino. Kodi tikayamba kufuna mapepala, sitidzapondereza amayi osauka amene ali ndi luso lenileni koma sadapite kusukulu? Tidaziona ndi azamba a kumudzi. Mu 2007 boma lidawaletsa kuchiritsa amayi, ndipo mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adati kuli bwino aphunzitsidwe kusiyana ndi kungowaletsa. Ine monga mzamba ndimaima poti mayi aliyense azikachirira kuchipatala, ndipo pamenepo sindisuntha. Koma nkhani ija idatiphunzitsa kuti kuletsa kokha sikuchotsa manja pathupi la wodwala, kumangowabisa kuseri kwa nyumba kumene palibe angawalangize. Choncho sindikupempha kuti agogo othowa mdzukulu wawo akhale ndi laisensi, ndiponso sindikufuna kuti mayi wa bungwe aziopa kugwira wodwala. Ndikusiyanitsa zinthu ziwiri. Amene akulipiritsa ndalama n'kumanena kuti amachiza, ameneyo afunsidwe. Amene akuthandiza mwaulere m'dzina la Mpingo, ameneyo Mpingo umuphunzitse, ndipo uzimuphunzitsa mobwereza.

Za woyambayo n'zachidule. Munthu akabwera pakhomo panu kuti athowa bambo a sitiroko pa mtengo wakutiwakuti, mufunseni kumene adaphunzira, chiphaso chake chili kuti ndipo chidakonzedwanso liti, komanso ndi odwala otani amene iye amakana kuwagwira. Funso lomalizali ndi limene limaulula zambiri. Munthu wophunzira amayamba wafunsa za BP, za shuga, za mankhwala amene wodwala akumwa, amapempha buku la kuchipatala, ndipo amadziwa malire ake. Amene akuti amachiza chilichonse, ndiponso akuti wodwala asiye mankhwala a kuchipatala, mutsekereni chitseko mwaulemu. Kufunsa si chipongwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ngakhale ine mutandifunsa chiphaso changa cha chaka chino, ndiyenera kukuonetsani osakwiya.

Za ife eni ake ndiye ndikufuna tikhalepo pang'ono. Magulu ambiri osamalira odwala kumudzi m'maparishi mwathu adayamba nthawi imene Edzi inkatha anthu, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Amayi ambiri amene lero ndi atsogoleri a mabungwe athu adaphunzitsidwa nthawi imeneyo, sabata imodzi kapena ziwiri, n'kupatsidwa magolovesi, ndowa, mwina ndi njinga. Adagwira ntchito yaikulu imene dziko lino silidawathokoze mokwanira. Adasambitsa anthu amene abale awo enieni ankaopa kuwakhudza. Koma mabungwe amene ankapereka ndalama za maphunzirowo ambiri adatseka mapulojekiti awo, ndipo odwala amene tikuwapeza m'nyumba lero ndi ena. Ndi agogo a sitiroko, bambo a shuga amene bala silikupola, mayi wa khansa ya khomo la chiberekero, wachinyamata amene adathyoka msana pa ngozi ya kabaza. Tikuwasamalira ndi maphunziro a matenda ena, a nthawi ina. Ndipo atsikana amene alowa m'bungwe posachedwa sadaphunzire n'komwe, akungoonera kwa akuluakulu, kutengera zabwino pamodzi ndi zofumbwa zomwe.

Ife Akatolika kubwereza si chinthu chachilendo. Chaka chilichonse pa usiku wa Pasaka timabwereza malonjezo a ubatizo, ngakhale tidabatizidwa kalekale. Ansembe ndi asisiteri amapita ku m'bindikiro chaka ndi chaka, ndipo palibe amati Bambo Mfumu akapita kumeneko ndiye kuti unsembe wawo unali wosakwanira. Nanga bwanji manja amene timagwirira thupi la wodwala tiziti adaphunzira kamodzi basi zidatha?

Chimene ndikupempha ndi ichi. Bungwe la amayi la parishi iliyonse likhale ndi tsiku limodzi pachaka la maphunziro a kasamalidwe ka odwala, ndipo likhale pa kalendala ya parishi monga zimakhalira zikondwerero zina. Nthawi yabwino ndi pafupi ndi 11 February, Tsiku la Odwala Padziko Lonse, limene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adakhazikitsa mu 1992. Ndikudziwa kuti ndi nthawi ya mvula, ya kumunda ndiponso ya njala. Parishi imene ikuona kuti n'kovuta isankhe mwezi wina anthu atakolola, bola tsikulo lisamasunthesunthe. Wophunzitsa achokere kuchipatala chapafupi, cha mishoni kapena cha boma: namwino, kiliniko ofesala, ndipo ngati n'kotheka wa mafizo. Makoleji a unamwino a Mpingo amatumiza kale ophunzira awo m'midzi kukaphunzira za umoyo wa anthu. Kuwalumikiza ndi mabungwe a amayi, aphunzitsi awo ali pomwepo, n'kopindulitsa mbali zonse. Ofesi ya zaumoyo ya dayosizi ingathandize kulemba mitu yofanana kuti parishi ina isaphunzire zosemphana ndi inzake.

Tsikulo lisakhale la zolankhula. Tikakhala pa mabenchi kumvera munthu akuwerenga pepala kwa maola atatu, tidzangobwerera ndi tulo. Payalidwe mphasa, mmodzi agone ngati wodwala, awiri amutembenuze wophunzitsa akuona. Aliyense ayese kudzutsa munthu wa sitiroko osakoka mkono. Aliyense ayese madzi ndi chigongono chake asanawaike pa mnzake. Tiphunzire kupempha chilolezo kwa wodwala tisanamuvule, ngakhale amene satha kuyankhula, ndi kumufunditsa mbali imene sitikusambitsa. Tiphunzirenso kunyamula munthu mopinda mawondo, chifukwa amayi ambiri a m'magulu amenewa misana idawathera pa odwala. Ndipo pakhale nthawi yoti amayi afotokoze zimene amachita kumudzi popanda kusekedwa, chifukwa namwino sangakonze chimene sakuchidziwa, ndiponso zina mwa njira za makolo n'zabwino, zongofunika kuuzidwa malire.

Pakhale kakhadi. Ena adzati ndayamba kutengera za boma, koma kakhadi kali ndi ntchito. Mlembi wa bungwe alembepo dzina, tsiku, mitu imene yaphunzitsidwa, wophunzitsa asaine. Mayi amene wadumpha zaka ziwiri osabwera apitirize kuyendera odwala, kupemphera nawo, kuwatungira madzi ndi kuwasesera pakhomo, koma zothowa, zotembenuza ndi zotsuka zilonda aziyenda ndi mnzake amene khadi lake lili bwino, mpaka atabweranso ku maphunziro. Si chilango. Ndi njira yoti banja la wodwala likaona chitenje cha bungwe lathu chikulowa pakhomo lizidziwa kuti manja amenewa adaonedwa ndi wina posachedwa. Lamuloli likhudze aliyense, kuyambira amayi apampando. Kunena zoona, amene amavuta kwambiri kubwerera m'kalasi ndi ife akuluakulu, amene tidazolowera kufunsidwa osati kufunsa.

Pa za alawansi ndinene poyera: pasakhale. Tikangoyamba kupereka ndalama kwa obwera kudzaphunzira, mndandanda udzadzaza ndi maina a anthu amene sadalowepo m'nyumba ya wodwala, ndipo chaka chimene ndalama zidzasowe maphunziro adzafa. Aliyense abwere ndi kaufa ndi ndiwo monga timachitira pa misonkhano ina, tiphike pamodzi. Ndalama yofunika ndi ya thiransipoti ya wophunzitsa, sopo, magolovesi ndi makhadi, ndipo imeneyo thumba la bungwe lingakwanitse ngati tingachepetseko pang'ono pa zokongoletsa za tsiku la chikondwerero.

Poyambira pake sipafuna chilolezo cha wina aliyense. Pa msonkhano wanu wotsatira, mphakati uliwonse ubwere ndi chiwerengero cha odwala ogonera amene uli nawo, matenda awo ngati akudziwika, maina a amayi amene amawasambitsa ndi kuwathowa, ndi chaka chimene aliyense wa amayiwo adaphunzitsidwa komaliza. Amayi apampando ndi mlembi atenge pepala limenelo, apite nalo kwa Bambo Mfumu, kenaka kwa namwino wamkulu wa pachipatala chapafupi, akapemphe tsiku.